Akalanda motoka, asadye na ndalama zanu

M'mawa uliwonse pa Kulima Tower, pa City Market na pa Millennium, madandaulo athu ni amodzimodzi. Basi yadzala kale, koma ba kondakita akali kukuwa kuti tifendele, malo alipo. Pa Great East Road ba dilaiva apita m'mbali mwa msewu kuthawa mzele wa mamotoka, ife m'kati tigwila mipando na kukalipa. Timati ni umbombo, ndipo nthawi zina ni umbombo ndithu. Koma m'mabasi ena muli wokwela amene sitimuona, amene salipila, koma ndiye alamula liwilo. Wokwela ameneyo ni nkhongole ya basi yomweyo.

Madilaiva ambili a minibasi na a Yango atopa kugwilila munthu wina nchito. Tsiku lonse uli pamsewu, madzulo upeleka kashingi kwa mwini wake, iwe utsala na yogulila pamela cabe. Conco ukamva kuti pa yadi ina yogulitsa mamotoka akuti "lipilani dipoziti, tengani makiyi lelo, yotsala muzilipila wiki na wiki", mtima umadumpha. N'cimodzimodzi kwa mphunzitsi, nesi, kapena amai a pa Soweto amene atopa kupanikizana m'basi na katundu. Kugula motoka mwa kulipila pang'onopang'ono si kolakwa, ndipo kwathandiza ambili kuimilila paokha. Vuto ni lakuti mapangano ena amalembedwa m'njila yakuti wogula akangotelezeka kamodzi, ataya motoka pamodzi na ndalama zonse zimene analipila. Ife tikuti ici si cilungamo, ndipo ogula na boma onse ali na mbali yawo pocithetsa.

Tiyambe na masamu, cifukwa m'pamene ambili timagwela. Tiyelekeze kuti motoka ni ya K180,000 mukagula kashi. Wogulitsa akuti mupeleke dipoziti ya K60,000, ndiyeno K2,500 wiki iliyonse kwa mawiki 78, kutanthauza caka na hafu. K2,500 imamveka yaing'ono, maka-maka kwa munthu amene aona ndalama zikudutsa m'manja mwake tsiku na tsiku. Manje iwelengeni yonse. Mawiki 78 apanga K195,000. Mukaphatikiza dipoziti, mwalipila K255,000. Munakongola K120,000, koma mwabweza K75,000 pamwamba pake. Ndipo popeza nkhongoleyo imacepa wiki iliyonse pamene muli kulipila, ciwongoladzanja ceniceni ca pangano lotele cifika pafupi 70 pelesenti pa caka. Lamulo la okongoza ndalama, Money Lenders Act, limaona ciwongoladzanja copitilila 48 pelesenti pa caka kuti n'copambanitsa, pokhapo wokongozayo ataonetsa khoti kuti n'coyenela. Wa pa yadi adzakuuzani kuti iye si wa kaloba, agulitsa cabe motoka. Koma thumba lanu silidziwa kusiyana kwake. Musanasaine, funsani funso limodzi: "Pamodzi, nidzalipila zingati?" Yankho lilembedwe pa pepala, m'manambala.

Funsani kuti mtengowo uli mu kwacha kapena mu dola. Mamotoka ambili amene tiona m'mayadi a mu Kafue Road na kwina acokela ku Japan, adutsila ku Dar es Salaam na Nakonde, kapena ku Durban na Chirundu, ndipo ogulitsa amagula na madola. Ena amalemba m'pangano kuti zotsala zizisintha malinga na dola. Kumbukilani kuti capakati pa 2022 dola imodzi inali pafupi K16, koma kuciyambi kwa 2024 inapitilila K26. Munthu amene anasaina pangano lotele anali kulipila mwezi na mwezi, koma nkhongole yake mu kwacha inali kukula. Okwela basi salipila madola. Amene apeza ndalama mu kwacha akongolenso mu kwacha, pa mtengo wosasintha.

Cina cacikulu ni white book, pepala la ku RTSA loonetsa mwini wa motoka. M'mapangano ambili olipila pang'onopang'ono, motoka imakhalabe ya wogulitsa mpaka mutatsiliza ngwee yomaliza. Inu ndimwe mugula mafuta, matayala, inshuwalansi, road tax na fitinesi, koma pa pepala ndimwe wobweleka. Izi pazokha si cinyengo ngati munauzidwa poyela. Cinyengo cimabwela pamene dzina lili pa white book si la wogulitsayo, kapena pamene motokayo inaikidwa kale cikole ku banki kapena ku kampani ya nkhongole. Mukhoza kulipila mokhulupilika miyezi yonse, tsiku lina n'kubwela anthu amene simunawaonepo na mapepala awo, kutenga motoka cifukwa ca nkhongole ya munthu wina. Pali njila yodzitetezela. Lamulo la 2016 lokhudza katundu wosunthika woikidwa cikole linakhazikitsa kaundula ku PACRA, mmene okongoza amalembetsa katundu amene agwililapo. Kufufuza mmenemo, na kuyelekeza nambala ya chasisi na ya injini na zimene zili pa white book, n'kochipa kwambili poyelekeza na dipoziti yanu. Wogulitsa amene akana kukuonetsani white book wakuuzani kale zonse zimene mufunika kudziwa.

Ndiyeno pali motoka yokha. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Penti yonyezimila na matayala opakidwa polishi sizikamba za giyabokosi. Pitani na makanika wanu, osati wa pa yadi pomwepo. Ikafa patapita mawiki awili, ogulitsa ena amaloza cikwangwani ca pa cipupa colembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Dziwani kuti cikwangwani cimeneco n'coletsedwa. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kupacika mau okana udindo wake kapena olanda wogula ufulu wake. Limaletsanso kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwila nchito imene anagulidwila, kunamiza wogula za katunduyo, na kuika m'pangano mfundo zopondeleza mbali imodzi. Kampani yolakwila zimenezi ingalipitsidwe faindi yofika 10 pelesenti ya ndalama zimene imalowetsa pa caka. N'zoona kuti motoka yakale ni yakale, simungayembekeze kuti ikhale monga yatsopano. Koma kubweza m'mbuyo makilomita, kubisa kuti inacitapo ngozi yaikulu, kapena kukamba kuti injini ili bwino podziwa kuti yatha, kumeneko ni kunamiza.

Pamene mkangano umafika poipa ni pa kulanda. Mamotoka ambili a nkhongole masiku ano amaikidwa tracker, ndipo ena ali na kacipangizo kozimitsa injini munthu ali kutali. Tibwelele ku citsanzo cathu. Dilaiva walipila mawiki 60 pa mawiki 78. Mwana wadwala, kapena basi yakhala mawiki atatu mu galaji, iye watsalila m'mbuyo na K7,500. M'mawa wina basi ikana kulila, ndipo pofika masana anyamata a pa yadi aikoka. Munthuyu anapeleka K60,000 ya dipoziti na K150,000 ya mawiki, pamodzi K210,000, kupitilila mtengo wa kashi wa motokayo. Akapita kukafunsa, amuonetsa kamzele m'pangano kakuti zonse zimene analipila zinali za lendi. Wiki yotsatila motoka yomweyo ili pa yadi, yatsukidwa, iyembekeza dipoziti ya munthu wina.

Sitikamba kuti wogulitsa alibe ufulu. Nayenso anaika ndalama zake, analipila msonkho ku ZRA, ndipo pali ogula osakhulupilika amene amacotsa tracker, kubisa motoka ku mudzi, kapena kuigulitsa asanatsilize kulipila. Amene acita zimenezo angadzipeze m'manja mwa apolisi, ndipo sitidzamuikila kumbuyo. Wokongoza ayenela kupeza zake. Koma zake ni zimene zatsala pa nkhongole, kuphatikiza zimene wawononga potenga na kugulitsa motokayo. Ngati yagulitsidwa pa mtengo woposa pamenepo, zotsalazo ziyenela kubwelela kwa amene anali kulipila. Umu ndimo cikole ciyenela kugwilila nchito. Kutenga motoka, kusunga K210,000, n'kuigulitsanso, ni kukolola kawili m'munda umodzi.

Ngati mkangano wabuka kale, musathamangile kumenyana pa geti. Sonkhanitsani mapepala: pangano, malisiti, mauthenga a mobile money, na zonse zimene munalembelana pa WhatsApp. Lembelani wogulitsa kalata yofotokoza dandaulo lanu na zimene mufuna, musunge kope yake. Akakana kapena akangokhala cete, pitani ku Competition and Consumer Protection Commission, imene ambili amaidziwa kuti CCPC. Kudandaula kumeneko n'kwaulele, ndipo amene sanakhutile na cigamulo cake angacite apilo ku Competition and Consumer Protection Tribunal. Ngati ndalama zinacokela ku banki kapena ku kampani ya nkhongole yokhala na laisensi ya Bank of Zambia, yambani kudandaula ku kampaniyo, ndipo ikalephela, nkhani ipite ku Bank of Zambia. Pa ndalama zocepa pali Small Claims Court, kumene munthu amadzikambila yekha popanda loya. Amene alibe ndalama za loya pa mlandu waukulu angafunse thandizo ku Legal Aid Board. Kumbukilaninso kuti kulephela kulipila nkhongole pakokha si mlandu wa ku polisi, conco musaopsezedwe kuti mudzagona m'selo cifukwa mwacedwa na mawiki awili. Koma wogulitsa amene alandila dipoziti ya motoka imene adziwa kuti kulibe, ameneyo wapeza ndalama mwacinyengo, ndipo ni nkhani ya apolisi.

Onani kuti zonsezi zidalila pepala. Ambili timalipila m'manja, timagwilana canza, timati "ba bosi ni munthu wabwino, timapemphela chechi imodzi". Tsiku la mkangano, ubwino wa ba bosi suoneka pa tebulo la CCPC. Safunsa anadya phula. Tengani pangano kunyumba, mugone nalo, mupatse mwana wa sukulu kapena mnzanu wodziwa Cizungu akuwelengeleni mzele na mzele. Liyenela kuyankha momveka: mukacedwa kulipila, adzakupatsani masiku angati? Adzakucenjezani na kalata asanalande? Faindi ya kucedwa ni zingati? Akalanda, ndalama zimene munalipila zipita kuti? Mukatsiliza, white book idzasinthidwa liti, ndipo adzalipila ndani? Wogulitsa amene akuti "sainani lomba, pali wina abwela na kashi masana" akufuna kuti musawelenge.

Koma sitingasiye katundu yense pa mapewa a wogula. Dilaiva wa ku Kanyama amene analekela sukulu mu giledi 9 sangalimbane na pangano la mapeji 12 lolembedwa na loya wa kampani. Mabanki na makampani a nkhongole amafunika kupatsa wokongola pepala lalifupi lochedwa Key Facts Statement, loonetsa ciwongoladzanja, zolipilitsa zina na ndalama yonse yobweza. Tipempha CCPC, Bank of Zambia na unduna woona za malonda kuti lamulo limeneli lifike pa yadi iliyonse yogulitsa mamotoka pa nkhongole, ndipo pepalalo lipezeke mu Cinyanja, Cibemba, Citonga na zinenelo zina za dziko lino. Tipemphanso malamulo omveka pa kulanda: kalata ya cenjezo, masiku okwanila oti munthu akonze zinthu, na kuwelengela poyela ndalama pambuyo pogulitsa. Kuzimitsa injini ya basi imene ili pamsewu na anthu m'kati kuletsedwe kothelatu, cifukwa pamenepo nkhani yacoka pa ndalama yafika pa miyoyo. Mabungwe a madilaiva m'masiteshoni, amene amatolela ndalama tsiku na tsiku, angathandize mamembala awo mwa kupeza munthu wodziwa malamulo woti aziwelenga mapangano asanasainidwe. Ndipo CCPC isayembekeze 15 March, tsiku la ufulu wa ogula, kuti ioneke. Ibwele ku Lumumba na ku Kulima Tower, ikambe na madilaiva pamene ayembekeza kuti basi idzale.

Ife okwela nkhaniyi itikhudza ngakhale tilibe maganizo ogula motoka. Dilaiva amene adziwa kuti akapelewela K500 pa Cisanu adzataya zonse zimene wavutikila kwa caka, adzathamanga, adzapanikiza anthu, ndipo mabuleki adzawakonza mwezi wamawa. Pangano lacilungamo limam'patsa mpata wopuma, ndipo ifenso timafika kunyumba bwino. Conco ngati m'bale wanu wabwela na nkhani yakuti wapeza motoka ya dipoziti yocepa, kondwelani naye, ndiyeno mum'pemphe pepalalo muliwelenge pamodzi asanagwile bolopeni.