Asiyeni ana agwire matope

Makolo ambiri akamayamikira sukulu ya mkombaphala amatchula zinthu ziwiri: mwana akubwerako yunifolomu ili yoyera, komanso wayamba kulakatula ABC. Koma tsiku limene wabwera ndi matope m'maondo, m'mawa mwake mayi ali kale pakhomo la aphunzitsi: "Kodi ndalama tikulipirazi n'zoti ana azigubuduka m'dothi?" Ine ndikuti inde, ina mwa ndalamazo ndi ya zomwezo.

Mwana wa zaka ziwiri saphunzira atakhala phee pabenchi. Amaphunzira ndi zala, mphuno, makutu, ngakhale lilime. Akamakanya dothi n'kuumba ng'ombe ya miyendo itatu, akulimbitsa zala zomwe adzagwirire pensulo mu Sitandade 1. Akamatsanulira madzi a m'chikho m'kabotolo, ena n'kutayika, wayamba masamu: chachikulu ndi chiti, chadzadza liti. Mawu oti "choterera", "chokhakhala" kapena "chozizira" amawagwira msanga chifukwa chinthucho chili m'manja mwake.

Alezi a m'sukulu za m'midzi, omwe ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, angafunse kuti zidole azitenga kuti. Zili pakhomo pomwepo. Dothi la mtapo, lija amaumbira miphika, limaposa chidole chilichonse cha m'sitolo, poti lero ndi ng'ombe, mawa ndi galimoto, mkuja ndi nsima ya masanje. Ena amalangiza zokanda ufa, koma mwezi wa January sindingauze munthu kuti aseweretse ufa. Thirani gaga m'lichero, mukwiriremo zitsononkho ndi zipande, ana azifukula. Katondo wosungunula m'madzi ndi penti yofiira, makala osinja ndi yakuda, ndipo katoni yakale ndiye pepala. Mwana aviike chikhatho chonse. Malambe osaswa amalira akamagwedezedwa. Tsamba la ndimu mukalifikisa, aliyense anunkhize, mudzaona nkhope zikusintha. Mlezi asamawaumbire kapena kuwakonzera zomwe aumba. Akhale nawo pansi, azifunsa kuti, "Wapanga chiyani? Chikumveka bwanji?" Mwana wonyansidwa ndi matope musamukakamize, mupatseni kamtengo ayambe ndi kutokosa.

Pamene nkhawa ya makolo ili yoona ndi pa matenda ndi ngozi, ndipo apa sipofunika chibwana. Dothi lisatengedwe pafupi ndi chimbudzi kapena podutsa nkhumba ndi agalu, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Madzi akhale a pamjigo kapena pampopi, ochepa, m'beseni losaya, ndipo atayidwe masewera akangotha, popeza kamwana kakhoza kumira ngakhale m'ndowa. Nyemba, mtedza ndi timiyala n'zotsamwitsa ana osakwana zaka zitatu, ndipo zimathera m'mphuno. Ngati mukufuna maseche, zitsekereni m'botolo lomanga bwino. Nsatsi, nthula ndi mbewu ya chimanga yopakidwa mankhwala zisafike n'komwe pabwalo. Kolera wa 2022 ndi 2023 tikumukumbukira tonse, choncho phala lisanagawidwe, mwana aliyense adutse pa mpondagiya ndi sopo, m'zikhadabo momwe.

Za zovala n'zosavuta. Pamsonkhano wa makolo gwirizanani tsiku limodzi pasabata, kaya Lachisanu, loti ana azibwera ndi kamalaya kakale m'chikwama. Yunifolomu aziivala pobwerera kunyumba.