ZA PAKHOMO PATHU: Kodi Galaja Tiyipake Utoto Wakuda?

Sabata ino nkhani yathu yachokera ku Usisya, kwa Mfumu M'bwana, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay.

Bambo wina wa kumeneko wamanga kanyumba ka njerwa zootcha pambali pa nyumba yake. M'kanyumbamo afuna kusungiramo njinga yamoto, injini ya boti, zigubu za petulo, nyali zophera usipa ndi ukonde wa chilimira. Anthu a m'tauni kanyumba kotere amakatcha galaja. Tsono iye afunsa kuti, popeza m'menemo mudzakhala oyilo ndi litsiro, kodi sikwabwino kupaka makoma onse utoto wakuda bii kuti litsirolo lisamaoneke?

Bamboyu wachita bwino kufunsa asanataye ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Inu a ku Usisya mudziwa m'mene katundu amavutira kufika kwanu. Msewu wochokera ku Mzuzu umatsika phiri lotsetsereka, ndipo m'dzinja umavuta kwambiri. Katundu wina wakhala akubwera pa Ilala, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951. Munthu akalakwa pogula chitini cha penti, sangathe kukachibweza mawa lake. Chifukwa chake tiyeni tiganize bwino tisanagule.

UBWINO WA MTUNDU WAKUDA

Tisanamize munthu, mtundu wakuda uli ndi ubwino wake. Pa khoma lakuda zala za oyilo sizioneka. Tayala la njinga likakhudza khoma silisiya chizindikiro. Kunja, mvula ikamagwa kuchokera pa denga imathovutsira matope m'munsi mwa khoma, ndipo khoma loyera limasanduka lofiira mwezi usanathe.

Amayi athu anazidziwa zimenezi kalekale. Pozira nyumba amaika dothi lakuda m'munsi mwa khoma ndi pakhonde, koma pamwamba amaika dothi loyera kapena lofiira. Sanaphunzire kusukulu, koma nzeru imeneyi njoona ndithu, ndipo tidzabwererako.

KUIPA KWAKE

Choyamba ndi mdima. Khoma loyera limabweza kuwala kwambiri: mwa magawo 100 a kuwala kofika pakhomapo, pafupifupi 80 amabwerera m'chipinda. Khoma lakuda bii limabweza magawo ngati 5 okha, otsalawo limameza. Tsono galaja zambiri ziri ndi zenera limodzi laling'ono, zina ziribe n'komwe. Mukapaka utoto wakuda, babu limodzi la sola silidzakwanira. Nati ikagwa pansi mudzaifuna mpaka kutopa. Njoka kapena chinkhanira chikabisala kuseri kwa ukonde simudzachiona.

Chachiwiri ndi moto, ndipo apa mumvetse bwino. Munthu akalowa m'chipinda cha mdima, dzanja limathamangira machesi kapena koloboyi. Koma mpweya wotuluka m'petulo ngwolemera kuposa mphepo imene timapuma. Sukwera kudenga ayi, umayala pansi ngati madzi, ndipo suoneka ndi maso. Mwana wotumidwa usiku kukatenga chingwe akayatsa machesi m'menemo, injini, ukonde ndi mwana yemwe zingapite nthawi imodzi. Chipinda chowala chimachotsa chifukwa choyatsira moto.

Chachitatu ndi udzudzu. Udzudzu wa Anofelesi, umene umafalitsa malungo, umaluma usiku. Ukakhuta magazi umafuna malo amdima ndi abata kuti upumule usana wonse. Umakonda makoma akuda, ngodya za chipinda, ndi kuseri kwa zovala kapena maukonde opachikidwa. Galaja yakuda yogundana ndi chipinda chogona ana iri ngati nyumba ya alendo imene mwamangira udzudzu. Ndiponso pa khoma loyera udzudzu umaoneka, munthu nkuupha. Pa khoma lakuda suoneka. Inu a kunyanja simusowa wokuuzani za malungo.

Chachinayi ndi kutentha. Yesani nokha: tengani zidutswa ziwiri za lata, chimodzi muchipake chakuda, china choyera, muziike padzuwa ola limodzi, kenaka muzikhudze. Chakudacho chidzakuotchani. Khoma lakunja nalonso limatero. Ku Usisya dzuwa limatulukira panyanja popanda chotchinga, ndipo m'mwezi wa October khoma lakuda limamwa kutentha kuyambira m'mamawa, nkumakutulutsira m'kati mpaka usiku. Petulo wosungidwa pamalo otentha amauluka msanga, zigubu zimafufuma, ndipo mabatire a nyali sakhalitsa.

TICHITE CHIYANI TSONO?

Yankho ndi lija la amayi athu: chakuda pansi, choyera pamwamba.

M'kati mwa galaja yezani mita imodzi kuchokera pansi, kapena kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Kokani chingwe kuzungulira chipinda chonse ndi kulemba mzere ndi khala. M'munsi mwa mzerewo pakani mtundu woderapo, pakuti ndimo mofika matayala, oyilo ndi manja a ana. Pamwamba pa mzerewo pakani njereza kapena penti woyera.

Ndipo pa lamba wam'munsiyo sikofunika kuti mtundu ukhale wakuda bii. Taonani: fumbi la mchenga wa kunyanja nloyera, ndipo pa khoma lakuda kwambiri limaoneka mbuu, monganso ndere za kangaude. Mtundu wotuwa ngati phulusa, kapena wofiirira ngati dothi la chulu, umabisa zonse ziwiri, oyilo ndi fumbi lomwe.

Kunja, lamba wakuda akhale wamfupi, kufika m'mabondo basi, pamene pamathovukira mvula. Ena amapaka penti wa phula pamenepa, ndipo amathandiza kuti madzi othovuka asalowe m'njerwa. Khoma lonse lotsala likhale loyera. Koma kumbukirani kuti chimene chimateteza khoma koposa ndi denga lotuluka bwino ndi ngalande yochotsa madzi.

Musanagule, werengani. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi chiri ndi mamita 14 kuzungulira. Lamba wa mita imodzi ndiye kuti masikweya mita 14, ndipo popaka kawiri akwana 28. Pa chitini amalemba malo amene lita imodzi imakwanira. Werengani pamenepo, ndipo muonjezeko pang'ono, chifukwa pulasitala watsopano amamwa penti. Mudzaona kuti chitini chimodzi cha malita 5 chikwanira lambayo, pamene kupaka makoma onse kukanafuna zitini ziwiri kapena zitatu. Ndalama zotsalazo mugulire loko wabwino.

CHENJERANI NDI UTOTO WINA

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. A bungwe la Lead Exposure Elimination Project anayeza penti wa oyilo wogulitsidwa m'dziko muno. Anapeza kuti woposa theka la penti amene anayezayo anali ndi mtovu wopitirira muyeso. Kuyambira pamenepo opanga ena asintha kapangidwe kawo, koma zitini zakale ndi makoma opakidwa kale zikadalipo. Mtovu umapezeka kawirikawiri mu penti wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Penti akakalamba amafundudwa nkusanduka fumbi, mwana wokwawa nkumadya ndi zala. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo choonongekacho sichibwerera. Pogula funsani penti wopanda mtovu ndi kuyang'ana chizindikiro cha MBS pa chitini. Khoma la penti wakale musalipale louma, yambani mwalinyowetsa, ndipo ana akhale kutali.

Ena amadetsa khoma ndi oyilo wakutha wa mu injini. Musatero. Oyilo ameneyu sauma, amagwira moto, ndipo mvula ikamukokolola amakathera m'nyanja momwe timamwa ndi kuphamo nsomba. Enanso amaswa mabatire a tochi nkusakaniza zakudazo ndi dothi lozirira. Zimenezo si za pamalo posewera ana. Ngati mufuna kudetsa dothi kapena njereza, sinjani makala, musefe bwino, musakanize.

Pa khoma la zidina kapena lozira ndi dothi musapake penti wa oyilo. Khoma lotere limafuna kupuma. Penti wa oyilo amatsekera chinyezi m'kati, ndipo mvula ya ku Nkhata Bay, imene imagwa mpaka April ndi May, ikatha mudzaona penti akusendeka ngati khungu la njoka. Pamenepo njereza ndi dothi ndizo zoyenera.

NTHAWI YOPAKIRA

Pakani m'chilimwe, khoma litauma. Pulasitala wa simenti ayambe wakhala mwezi wathunthu kapena kuposerapo musanaike penti wa oyilo. Yesani kaye pa kachigawo kakang'ono ndi kudikira mawa lake, pakuti njereza yosakaniza ndi makala imaoneka yakuda ikali yonyowa, koma ikauma imayererapo. Njereza muipake yopyapyala, kawiri kapena katatu, khoma mutaliwaza madzi, ndipo musamale maso chifukwa imaotcha.

Tsiku la mwera wamphamvu musapake, mchenga ungamatirire pa khoma. Mukaonanso nkhungu zikufuka panyanja ngati utsi, makamaka masiku a mwezi watsopano, vundikirani chitini. Zikatera pa penti wamuwisi ntchito yonse yaonongeka.

Tsegulani chitseko ndi zenera mpaka fungo litatha. Usipa wouma, makaka ndi ufa wa kondowole zisalowe m'galaja, chifukwa zimatenga fungo la penti ndi la petulo, ndipo wogula akanunkhiza amapita kwina.

Chinanso nachi. M'chaka cha 2010 Boma linafikitsa ku Nkhata Bay ntchito yopopera mankhwala ophera udzudzu m'makoma a nyumba. Mankhwala otere amakhala pamwamba pa khoma miyezi ingapo, ndipo udzudzu ukaterapo umafa. Mukapaka penti kapena kuzira pambuyo pa kupopera, mwawakwirira, ndipo ntchito yawo yatha. Tsono mukamva kwa alangizi a zaumoyo kapena kwa a mfumu kuti opopera akubwera, yambani mwapaka, iwo adzapopere pa khoma louma.

MWACHIDULE

Bambo a ku Usisya, yankho lanu nali. Musapake makoma onse chakuda. Ikani lamba wotuwa kapena wofiirira m'munsi, njereza pamwamba. Boolani timazenera tiwiri toyang'anana, ndi kusiya mpata pansi pa chitseko kuti mpweya wa petulo uzituluka. Pachikani tochi pa msomali pafupi ndi chitseko, ndipo muuze a m'nyumba mwanu onse kuti machesi salowa m'menemo. Litsiro loonekera limachoka ndi sopo, koma udzudzu ndi njoka zobisala mumdima sizichenjeza munthu.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka maukonde kuti makoswe asawadye.