NDALAMA ZA CHIPHASO ZIYAMBE ZAMANGA CHIMBUDZI PAMSIKA

Inu amene mwabwera kuchipatala lero, kaya ndi mwana ku sikelo kaya kudzalandira mankhwala, ambiri mudzera pamsika pobwerera kumudzi. Tikupemphani kuti mukafika pamenepo muyang'ane zinthu zitatu: chimbudzi, madzi osamba m'manja ndi dzenje la zinyalala. Ngati zimenezi palibe, kapena zilipo koma zosasamalika, dziŵani kuti ena mwa matenda amene amadzaza mabenchi a chipatala amayambira pamalo otero.

Tsiku la msika anthu mazanamazana amasonkhana pamalo amodzi kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Amadya, amamwa, ndipo aliyense nthaŵi yake ikakwana ayenera kudzithandiza. Popanda chimbudzi amapita kuseri kwa golosale kapena m'chimanga. Ntchentche zimachoka kumeneko nkudzatera pa mandasi, pa usipa ndi pa nyama ya pachiwaya. Mvula ikagwa imakokolola zonyansazo kupita nazo m'chitsime ndi mumtsinje. Umu ndi mmene kolera, kamwazi ndi tayifodi zimayendera.

Tisaiŵale msanga zimene tinaona. M'mwezi wa Marichi chaka cha 2022, kolera inabuka ku Machinga, pambuyo pa namondwe wa Ana. Inafalikira m'maboma onse, ndipo pofika m'chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi mu Blantyre anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Dziko la Malaŵi linali lisanaonepo kolera yoopsa chotero.

Kodi udindo wosamala msika ndi wa yani? Lamulo la maboma aang'ono la chaka cha 1998 linapereka m'manja mwa makhonsolo ntchito zoyang'anira misika, ukhondo, zinyalala ndi mapulani a chitukuko cha boma lililonse. Cholinga chinali chakuti mphamvu zikhale kwa anthu. Zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, imene timaitcha VDC. Kuchoka apo zimapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu, ndipo kenaka zimafika ku khonsolo kumene zimaloŵa m'pulani ya chitukuko cha boma. Makhansala amene timawasankha ndiwo amavomereza pulaniyo pamodzi ndi ndondomeko ya ndalama. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, koma kuchokera 2014 alipo, ndipo aliyense ali ndi dera limene ayenera kuliyankhulira.

Tsono maganizo athu ndi aŵa. Mayi wogulitsa tomato, bambo wogulitsa nsomba, onse amadula chiphaso tsiku lililonse limene ayala malonda. Ndalama imeneyo imapita ku khonsolo. Ife tikuti gawo la ndalamayo liyambe labwerera pamsika pomwepo, limange chimbudzi, likonze mjigo ndi kulipira wosesa, zina zonse zisanaganiziridwe. Shedi yokongola ndi yabwino, mpanda wa njerwa ndi wabwinonso, koma shedi siitchinga kolera. Ndiponso khonsolo isalole msika watsopano, malo ogulitsira zakudya kapena malo okwerera basi kutsegulidwa popanda chimbudzi. Pogaŵa malo, chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30.

A khonsolo amayankha kuti ndalama za ziphaso ndi zochepa, kuti ndalama zochokera ku boma lalikulu zimachedwa, ndipo kuti amalonda ena amazemba kulipira. M'mawu ameneŵa muli zoona. Koma wamalonda amazemba chifukwa saona chimene ndalama yake yachita. Khonsolo itamata papepala pakhomo la msika mwezi ndi mwezi, kusonyeza ndalama zimene zatoleredwa ndi ntchito imene zagwira, ozemba angachepe. Ndiponso tiŵerengere bwino. Kukumba chimbudzi ndi kulipira wochisamala sikungafanane ndi mtengo wa matenti, madiripi ndi galimoto zonyamula odwala, osanena za mabokosi a maliro.

Komabe tisaloze chala khonsolo yokha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Msonkhano wa VDC ukaitanidwa, kaŵirikaŵiri amayi amatsala kunyumba, chonsecho ndiwo amatunga madzi, ndiwo amagulitsa pamsika, ndiwonso amachezera usiku mwana akatsegula m'mimba. Chimene sichinanenedwe pamsonkhano sichilembedwa, ndipo chosalembedwa sichifika ku khonsolo. Zimbudzi zina zinamangidwa ndithu, koma ife tomwe tinaziwononga, tinaba zitseko ndi malata, mpaka zinatsekedwa.

Nchifukwa chake tikupemphani zinthu zinayi. Choyamba, pitani ku msonkhano wa VDC ndipo mukanene za chimbudzi ndi madzi a pamsika. Chachiŵiri, funsani khansala wanu ngati msika wanu uli m'pulani ya boma, ndi kuti ntchito iyamba liti. Chachitatu, podula chiphaso landirani kapepala kake, pakuti ndalama yoperekedwa popanda kapepala siifika ku khonsolo. Chachinayi, gwirizanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu ndi komiti ya msika kuti poyembekeza chimbudzi cha njerwa mukumbe chongoyembekezera, chokhala ndi chivundikiro, ndi mpondagiya wa madzi ndi sopo pakhomo pake.

Nthaka imakumbika bwino ndipo dzenje siligumuka m'chilimwe. Nkhaniyi ikambidwe tsopano, mvula isanagwe.