Mwana akakomoka ndi malungo: phunziro lochokera mu ubongo wa makoswe

Mvula ikayamba ku Machinga ndi ku Balaka, malungo amachuluka. Maboma awiriwa ali m'gulu la omwe anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, koma katemerayu sateteza kotheratu. Ana ena amafikabe pokomoka n'kumaphiriphitha.

Mukafika naye kuchipatala mwana wotere, kawirikawiri amapatsidwa diazepam. Kodi mankhwalawa amagwira bwanji ntchito? Yankho linapezeka mu 1977, pomwe akatswiri a ku Denmark ndi ku Switzerland ankafufuza ubongo wa makoswe. Iwo anapeza malo apadera pomwe diazepam amamatirira pa maselo. Malowa ali pa timakomo tolandira GABA, kemikolo yomwe imagwira ntchito ngati buleki ya ubongo. Diazepam amalimbitsa bulekiyo, kuphiriphithako n'kusiya.

Choncho vuto lili mu ubongo, si ufiti ayi. Koma dziwani kuti diazepam sapha tizilombo ta malungo: mwanayo amafunikanso artesunate. Mukachedwa, ubongo utha kuvulala, khunyu n'kudzayamba pambuyo pake.

Mwana akakomoka, mugonekeni chammbali. Musamuike supuni, madzi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.