Kalata yotseguka kwa Mlembi Wamkulu wa Unduna wa Zaumoyo: bokosi losayezedwa lisalembedwe ziro

Bwana Mlembi,

Kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, zoonana ndi dokotala pa foni sitizikana ayi. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo lero mayi wa ku Malomo kapena ku Mvera amaimba 54747 n'kulandira uphungu osataya ndalama ya kabaza. Mafoni a kamera nawo afika m'midzi, moti katswiri ali ku Kamuzu Central angathe kuona wodwala wa ku Ntchisi pa vidiyo. Koma njirayi tisanaizolowere, ndikupempha ofesi yanu ikhazikitse lamulo limodzi lokhudza odwala matenda onjenjemera, makamaka a Parkinson.

Madokotala padziko lonse amayeza kukula kwa matendawa ndi fomu yotchedwa MDS-UPDRS, yomwe bungwe la Movement Disorder Society linatulutsa mu 2008. Gawo lachitatu la fomuyi ndi loyeza thupi. Lili ndi mabokosi 33, lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 4, onse pamodzi 132. Ziro ndiye kuti vuto palibe, 4 ndiye kuti zafika poipa. Zambiri zimaoneka ndi maso: kunjenjemera kwa manja, kuuma kwa nkhope, kudzuka pampando, mayendedwe. Koma mabokosi 6 amafuna manja a woyeza. Asanu ndi a kuuma kwa khosi, mikono iwiri ndi miyendo iwiri, komwe dokotala amakumva akamapinda ndi kuwongola chiwalo cha wodwala. Lotsalalo ndi la kukhazikika: woyeza amaima kumbuyo, n'kumukoka wodwala m'mapewa mwadzidzidzi kuti aone ngati adzigwira yekha kapena agwa. Kamera siingachite zimenezi, ngakhale netiweki itakhala yabwino chotani.

Vutoli ndi lakale kuposa mafoni. James Parkinson atalemba za matendawa ku London mu 1817, anafotokoza anthu 6, ndipo atatu mwa iwo anangowaona mumsewu. Kunjenjemera ndi kuyenda chowerama anazilongosola bwino, koma kuuma kwa ziwalo kunadikira Jean-Martin Charcot wa ku Paris, patapita zaka makumi angapo, kuti akutsindike.

Tsono mabokosi 6 aja achitidwe chiyani? Apa ndi pomwe pali msampha. Wolemba akawasiya opanda kanthu, kompyuta kapena kalaliki wotopa amawaphatikiza ngati ziro, ndipo ziro pa fomuyi ndi umboni woti munthu ali bwino. Malikisi ofika 24 angathe kusowa chonchi. Gogo amene anayezedwa ndi manja ku Lilongwe miyezi yapitayo, lero akayezedwa pa vidiyo, nambala yake itsika. Dokotala wina akadzatsegula faelo adzati mankhwala a levodopa akugwira ntchito, osawonjezera mlingo, pomwe kunyumba gogoyo akulephera kutembenuka pamphasa. Zili ngati mphunzitsi kulemba kuti mwana wakhoza pepala lomwe sanalembe n'komwe.

Ena amati vuto n'lochepa, tingotenga avereji ya mabokosi omwe ayezedwa n'kudzazira otsalawo. Eni ake a fomuyi anaziyesa kale zimenezi. Christopher Goetz ndi anzake anapeza mu 2015 kuti m'gawo lachitatu, mabokosi osowa mwangozi, apa ndi apo, angafike 7 ndipo chiwerengero chikhalabe chodalirika. Koma ngati mabokosi omwewo ndiwo akusowa kwa wodwala aliyense, malire ndi 3 basi. Pa vidiyo amasowa 6, omwewomwewo nthawi zonse. Mu 2020, Covid-19 itakankhira zipatala zambiri ku vidiyo, akatswiri omwewa anachenjezanso za nkhaniyi.

Kwathu kuno pali chinanso chowonjezera. Netiweki ikamadukaduka kuseri kwa phiri, chithunzi chimaima, ndipo sungadziwe ngati dzanja lachedwa chifukwa cha matenda kapena chifukwa cha foni. M'nyumba yamdima kunjenjemera kwa chibwano sikuoneka. Kuyenda kumafuna malo, komanso wogwira foni wodziwa kuonetsa mapazi. Ndipo amene mafomu awo adzakhale ndi mipata yambiri ndi omwe ali kutali ndi msewu wa M1, odwalitsitsa, osatha kudzuka kuti ayende pamaso pa kamera. Tikawerenga mipata yawo ngati ziro, malipoti ofika ku Capital Hill adzati kumapiri kuno matendawa ndi opepuka, ndipo oitanitsa mankhwala adzatsata malipotiwo.

Lamulo lomwe ndikupempha ndi ili, Bwana: bokosi lomwe silinayezedwe lilembedwe kuti silinayezedwe, ndi chifukwa chake, ndipo makina a unduna akane kulisandutsa ziro. Chiwerengero cha pa vidiyo chilembedwe poyera kuti ndi cha mabokosi 27, pa malikisi 108, ndipo chisayerekezeredwe ndi cha kuyeza kwa manja.

Komabe mankhwala enieni a vutoli ndi manja, ndipo manjawo tili nawo. Ku zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi, ku Mponela, ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga kuli ma clinical officer ndi anamwino omwe angaphunzitsidwe kumva kuuma kwa chigongono ndi kukoka wodwala mosamala, katswiri akuyang'ana pa vidiyo. Luso limeneli silidzathandiza a Parkinson okha. Odwala matenda a maganizo omwe amamwa haloperidol kapena chlorpromazine nawo amauma ziwalo chifukwa cha mankhwalawo, ndipo achibale amangoti matenda akula.

Chimodzi chokha chiletsedwe ndithu. Pasapezeke dokotala wouza mdzukulu pa foni kuti akoke agogo ake m'mapewa. Woyeza wophunzitsidwa amaima khoma lili kumbuyo kwake, ali wokonzeka kumuwakha wodwalayo. Nkhalamba ikagwa chagada pa simenti n'kuthyoka chiuno, ulendo wa ku Lilongwe womwe timaupewa uja udzakhala wa pa ambulansi. Pomwe palibe wophunzitsidwa, wodwalayo apatsidwe tsiku loti akayezedwe ndi manja ku chipatala chapafupi, ndipo bokosilo lidikire tsikulo.

Ine wanu,
Wokhala ku Mponela, Dowa