Lamulo Nalo Liri ndi Mbiri Yake

Wanchito wa m'mafakitale a ku Kafue amene afuna kudandaula za malipiro ake akale ayenera kuyamba wadziwa lamulo limene linali kugwira nchito pa caka ca mlandu wake. Malamulo amasintha. Employment Act ya 1965 inafafanizidwa mu 2019, ndipo m'malo mwake munalowa Employment Code Act. Koma mlandu wakale kawirikawiri umaweruzidwa ndi lamulo la nthawi yake.

Wofufuza ayambe ndi Government Gazette, m'mene Boma limalengeza malamulo. Pambuyo pake awerenge Hansard, buku losunga mau a aphungu m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka, kuti amve colinga ca lamulolo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.