DZINA LA PA NJINGA SILINYAMULA CHIMANGA

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pa msonkhano wathu wa mwezi watha panabuka mkangano umene sitinaumalize chifukwa dzuwa linatithera. Mnzathu wina anadandaula kuti njinga imene anagula atagulitsa mtedza wake inathyoka felemu isanathe miyezi 5, atangonyamulapo matumba awiri a feteleza. Pa njingapo panalembedwa dzina lina lakale la ku Mangalande, ndipo iye anagula chifukwa cha dzinalo. Atabwerera ku sitolo anamuuza kuti apirire, pakuti makampani a njinga ali pa mavuto a ndarama dziko lonse lapansi, ndipo nchifukwa chake njinga zakwera mtengo ndi kuchepa mphamvu. Ena a inu munati nzoona, tiwamvere chisoni. Ena munati nthawi ya njinga yakapalasa yatha, tiyeni tonse tithamangire yamoto. Ife tikuti iai kwa onse awiri, ndipo tifuna kunena chifukwa chake poyera.

Tiyambe ndi maina akale aja. Akulu a m'mudzi muno akukumbukira bwino m'mene munthu wochokera ku Joni kapena ku Salisbury ankalowera m'mudzi akukankha Humber kapena Raleigh yake, ana akuthamanga pambuyo. Njinga imeneyo inkakalamba pamodzi ndi mwini wake, mwana nkudzailowa ngati chuma cha masiye. Koma kodi mukudziwa kuti maina amenewa anayamba kalekale kugulitsidwa monga ng'ombe pa msika? Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943, ndi njinga za BSA mu 1957. Mu 1960 nayonso Raleigh inagulidwa ndi Tube Investments, amene anali kale ndi Phillips ndi Hercules. Mu 1987 inapita kwa eni ena otchedwa Derby, ndipo amenewa anagwa ndi ngongole mu 2001. Mu 2002 fakitale ya ku Nottingham inatsekedwa, nchito yopanga njinga nkupita ku maiko a ku Asia. Mu 2012 dzinalo linagulidwa ndi kampani ya Accell ya ku Holland. Tawerengani eni amenewa pa zala zanu! Amisiri amene anapanga njinga ya agogo anu anapita kale, fakitale yao palibe. Chotsala ndi zilembo, ndipo zilembo munthu aliyense wokhala ndi utoto angathe kuzilemba pa chitsulo chilichonse. Pajatu akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tione mavuto a ndarama amene wa sitolo uja anabisalamo. Mavutowo alipodi, sitikana. Koma anadza bwanji? Mu 2020 ndi 2021, nthawi ya mliri wa Covid, anthu a ku Ulaya ndi ku America anaopa kukwera mabasi ndi sitima, ndipo anagula njinga mpaka masitolo anauma. Eni makampani anayesa kuti mvula imeneyo siidzakata. Anaitanitsa njinga ndi zipangizo zochuluka koposa, makamaka njinga zamagetsi zimene imodzi imagulidwa mayuro 2,000 kapena 3,000. Mu 2022 kampani ya anthu a ndarama ya ku New York yotchedwa KKR, pamodzi ndi anzao, inagula Accell pa mtengo wa mayuro 1.56 biliyoni, ndipo mbali yaikulu ya ndaramazo inali ya ngongole imene inasenzetsedwa kampani yogulidwayo. Tamverani bwino pamenepa: kuli ngati munthu agule ng'ombe ndi ndarama za katapila, kenaka auze ng'ombeyo kuti ibweze yokha ngongoleyo ndi mkaka wake. Mliri utatha anthu analeka kugula. Njinga zinadzaza m'nyumba zosungiramo katundu, mitengo inatsitsidwa, koma chiwongoladzanja sichinatsike. Mu 2023 Accell inataya mayuro 390 miliyoni, ndipo Raleigh ya ku Mangalande payokha inataya mapaundi 30 miliyoni. Chaka chomwecho kampani ina ya ku Amsterdam, VanMoof, inagweratu. Mu 2024 okongoza a Accell anavomera kudula mayuro 600 miliyoni pa ngongole yake kuti isafe.

Ife tifunsa: kodi m'nkhani yonseyi mlimi wa kuno ali pati? Kodi anagwa chifukwa chotipangira ife njinga zolimba pa mtengo wotsika? Iai ndithu! Anagwa chifukwa cha umbombo ndi ngongole, akuthamangitsa matumba a anthu olemera. Njinga yakuda ya mabuleki a ndodo ndi keliyala yotakata, imene imanyamula makala, nkhuni, mbuzi ndi mai wodwala kupita ku chipatala, iwo anaitaya kale. Ndipo taonani bodza la wa sitolo: pamene iye akuti njinga zakwera chifukwa cha mavuto a ku Ulaya, ku Ulayako njinga zinali kutsitsidwa mtengo chifukwa chosowa ogula. Chimene chinakweza mtengo kuno ndi ndarama yathu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira tayala mpaka sipoko, chinakwera nayo. Zimenezo tizinene ndi dzina lake, tisamalirire maliro a eni.

Msika umene Angerezi anausiya unatengedwa ndi India ndi China, ndipo tisawanyoze pa chimenecho. Hero ya ku Ludhiana, imene abale a banja la Munjal anaiyamba mu 1956, ndi Phoenix ya ku Shanghai, anapitiriza kupanga njinga ya munthu wa nchito pa mtengo umene mphunzitsi ndi mlimi angaufikire. Popanda iwo midzi yambiri ikanayendabe pansi. Koma mpikisano wa mtengo wokha uli ndi mano. Aliyense akafuna kutsitsa kuposa mnzake, kumene amadula ndi pa chitsulo: felemu iwonde, limu ifewe, tcheni chithe msanga. Nawonso akuluakulu a kumeneko sanapulumuke onse. Atlas, imene inayamba mu 1951, inatseka fakitale yake yotsiriza ku Sahibabad pa 3 June 2020, tsiku lomwelo limene dziko lapansi limakumbukira njinga, ponena kuti ndarama zoyendetsera nchito zatha. Ndipo pafupi pomwepa, kungodutsa malire a Mchinji, anzathu a ku Chipata anali ndi fakitale ya Luangwa Industries imene inkatulutsa njinga za Eagle. Nayo inazima, njinga zotsika mtengo zochokera kunja zitasefukira.

Pano tidziloze tokha chala, pakuti mlanduwu sutiphonya. Ife aphunzitsi timaona tsiku ndi tsiku ana akufika pa sukulu mochedwa akukoka njinga yoduka tcheni, ndipo tikafunsa makolo m'mene anagulira, yankho ndi limodzi: anafunsa yotsika mtengo ndi iti, nayang'ana dzina, nalipira. Palibe amene anainyamula kuti amve kulemera kwake, palibe amene anayang'ana pamene zitsulo zinalumikizidwa. Wogulitsa amabweretsa chimene tigula. Tikapitiriza kugula utoto, adzatibweretsera utoto mpaka kalekale, ndipo wopanga chitsulo cholimba adzatseka monga anatsekera ena aja. Njinga yolimba ingathe kupangidwa lero lino. Umboni wake ndi Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, imene keliyala yake inapangidwira katundu wa makilogalamu 100. Sitikuwatsatsira malonda, ndipo tikudziwa kuti mtengo wake ambiri a ife umatilemera. Tikungoti amene akunena kuti chitsulo chabwino chinatha pa dziko akunama.

Za inu a njinga yamoto tinena mwachidule. Anyamata a kabaza yamoto alanda makasitomala ambiri kwa a kapalasa, zimenezo taziona. Koma njinga yamoto imadya petulo, petulo amagulidwa ndi ndarama zakunja, ndipo mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya 2022 ndi 2024 simunaiiwale. Masiku amenewo amene anafikitsa tomato ku msika ndi odwala ku chipatala anali wopalasa, amene mafuta ake ndi nsima. Wotha kugula yamoto agule, koma asatiuze kuti yakapalasa yafa. Ndipo kwa onse oika misonkho tikuti: msonkho uliwonse pa njinga, tayala kapena chubu ndi msonkho pa miyendo ya mlimi.

Komiti ya nthambi yagwirizana kuti chaka chino amene afuna njinga akatha kugulitsa zokolola asapite ku tauni yekhayekha. Tilembe maina, tipite ndi ndarama zathu pamodzi, pakuti wogula njinga 15 amamvedwa mosiyana ndi wogula imodzi. Tidzatenga mmisiri wathu wokonza njinga wa pa msika kuti ayese felemu, malimu ndi masipoko tisanalipire, ndiponso atiuze ngati zipangizo zake zimapezeka kuno. Wa sitolo adzatilembera pa lisiti miyezi imene adzabweza njinga ikathyoka. Akakana, tidzaoloka mseu kupita kwa mnzake. Maina tilemba Loweruka likudzali pa sukulu, nthawi ya 2 koloko masana. Amene njinga zao zinathyoka chaka chisanathe abwere nazo, ngakhale zili zidutswa, kuti mmisiri ationetse tonse pamene chitsulo chinabedwa.

Ndife anu,
Mlembi wa Nthambi